Mwala wa Pangalande ndi Kiyi wa Amalume Ako

Felisita mwana wanga,

Udabwa kuti ndikukulembera kalata pamene tikukhala nyumba imodzi, ndipo ndikukumva ukulongedza m'chipindamo. Chifukwa chake ukuchidziwa. Ndikayamba nkhani ya madzi mawu anga amakwera, amayi ako amatuluka panja, iwe umayang'ana pansi, nkhani n'kuthera pomwepo. Dzulo zinatero. Ndiye ndakhala pakhonde dzuwa lisanalowe kuseri kwa phiri, ndi cholembera chako chakale chija, kuti ndinene zonse mpaka kumapeto popanda wina kutuluka. Sukulu ndinalekezera panjira. Ukapeza polakwika usandichonge, ungowerenga.

Mawa ukupita ku Zomba kukaphunzira za kayendetsedwe ka boma. Amalume ako a Donasiyano, amene ndi khansala wathu komanso wapampando wa komiti ya madzi, alonjeza kukunyamula pa galimoto yawo kukakusiya ku Dedza boma kuti ukakwere basi. Atumizanso mawu kudzera mwa amayi ako kuti ngati iwe, mwana wa mlongo wawo, uwapempha m'njiramo, adzatsegula madzi kuti afike m'dimba mwathu. Kachewere wathu wamuona mmene alili. Masamba akugona dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe, ndipo akapanda kumwa posachedwa tidzakumba timiyala.

Dzulo unati, "Ababa, madzi ndi madzi. Kachewere sadziwa ndale." Ndinakukalipira, koma mawu akowo ndayenda nawo tsiku lonse. Kachewere sadziwadi ndale. Koma iwe sukupita ku Zomba kukaphunzira za kachewere. Ndiye tandimvera.

Nditangobwera kuno kuchikamwini kuchokera kwathu ku Kabwazi, ndinapeza ngalande ija ili yadothi. Anaikumba ndi apongozi anga, agogo ako a Gerevaziyo, pamodzi ndi anzawo, kuchokera ku mtsinje wa m'phiri mpaka kumadimba. Iwe unaiona uli wamng'ono, sungakumbuke mmene inkayendera. Pamtunda paja ngalande inkagawikana pawiri, mbali ina kupita kumadimba akumtunda, ina kwa ife akumunsi. Pogawikanapo panali mwala wathyathyathya. Ukauimika mbali iyi n'kumata m'mbali ndi zibuma, madzi ankapita mbali inayo. Lamulo linali limodzi. Amene wamaliza kuthirira ndiye ankakwera yekha kukasuntha mwalawo, osati amene akudikira. Akatero ankatsata madziwo, akuchotsa zinyalala m'njira, mpaka kukafika nawo pa dimba la mnzake, n'kuitana kuti, "Madzi awa." Mwini dimba ankayankha mawu amodzi okha, "Afika."

Tsiku langa loyamba kulandira madzi ndinachita manyazi amene sindinawaiwale. Bambo wina wakumtunda anafika nawo madzi aja n'kunena kuti, "Madzi awa." Ine pofuna kuonetsa kuti kwathu anatilera bwino, ndinavula chipewa, ndinanyonyomala, n'kuomba m'manja. "Zikomo kwambiri, mwatithandiza." Agogo ako anali chapafupi akupalira anyezi. Anaimika khasu n'kundifunsa, "Akamwini, munthuyu wakupatsani nkhuku?" Ndinati ayi. "Wakutsinirani fodya?" Ndinati ayi. "Nanga mukuthokoza chiyani? Lero ndi tsiku lanu. Mukamuthokoza lero, mawa adzayamba kuganiza kuti madziwa ndi ake." Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi, ndipo chilimwe chonsecho ankanditchula kuti a Zikomo. Ndinakwiya, ndinaona ngati mkuluyo alibe ulemu. Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndimve zimene ankanena. Felisita, pali chinthu chimene munthu amakupatsa chifukwa cha mtima wake, ndipo pali chinthu chimene amakufikitsira chifukwa ndi chako kale. Choyambacho uzithokoza ndi manja awiri. Chachiwiricho ungoti chafika. Ukasokoneza ziwirizi, ngakhale utawerenga mabuku onse a ku Zomba, udzakhala usanayambe kuphunzira za boma.

Usaganize kuti ndikunena kuti kale kunali angelo. Anthu ankaba madzi. Ankatukwanizana pangalande, ena mpaka kugwirana m'makolala. Koma wakubayo ankaba mobisa ndipo akapezeka ankachita manyazi, chifukwa aliyense ankadziwa kuti lero ndi tsiku la yani. Mwalawo unalibe mwini. Mayi ankatha kuusuntha, nkhalamba inkatha kuusuntha. Panalibe munthu woti n'kuuika m'thumba n'kupita nawo ku boma. Ndipo inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene tinkaopa kutsokomola pamsonkhano ndipo pamsika sunkalowa wopanda khadi. Kumsika tinali amantha, koma pangalande tinali anthu. Zipani zambiri zitabwera ine ndinavina nawo, ndipo sindikufuna kuti zakale zija zibwerere. Chimene chimandiwawa n'chakuti mantha atachoka, m'malo mwake munalowa kugwada. Kale ankatigwaditsa ndi ndodo. Lero timagwada tokha, tikumwetulira.

Uli kupulayimale kunabwera bungwe lina ndi simenti ndi mapaipi. Anati ngalande yadothi imamwa madzi ambiri m'njira, ndipo sankanama. Ine ndinanyamula mchenga, ndinaswa miyala, tsiku lotsegulira ndinaomba m'manja kuposa aliyense. Mpaka lero ndimavomereza kuti simentiyo inatithandiza, madzi sathawiranso m'mauna a mbewa. Pogawikana paja anaikapo chitseko chachitsulo chokhala ndi loko, ati poopa ana ndi anthu osokoneza. Ndinachisisita chitsekocho n'kumati chitukuko chafika. Ndinafunsa kuti simenti idzakhala zaka zingati, ndinafunsa ngati paipi singaphulike. Funso limodzi lokha ndi limene sindinafunse, loti kiyi adzasunga ndani, nanga wosungayo akayamba kukana nawo, adzamulanda ndani. Mwana wanga, kumene ukupitako adzakuonetsa zinthu zambiri zokongola, malamulo atsopano, maofesi atsopano, mapulani a chitukuko. Uziyamikira zoyenera kuyamikira. Koma usanaombe m'manja uziyang'ana pamene pali loko, ufunse za kiyi.

Posankha komiti tinakhala pansi pa mitengo ya kusukulu, tikukweza manja. Atatchula a Donasiyano dzanja langa linakwera loyamba. Sindinakweze chifukwa anali wachilungamo kuposa enawo. Ndinati ndi mlamu wanga, madzi sadzatisowa. Ndipo ndikayang'ana manja ena aja, aliyense anali ndi dimba lake m'mutu. Uyu ndi msuweni wake, uyo amamwera naye limodzi, winayo amapemphera naye mphakati umodzi. Panalibe amene anakwezera ngalande yonse. Timakonda kunena kuti atsogoleri ndi akuba, ndipo ambiri ndi akubadi, koma tsiku limenelo tonse tinkafuna munthu woti azitikondera. Tinamupeza. Kungoti wokondera sakondera onse. Iwe ukadzamavota, kapena ena akamadzakuvotera, udzakumbukire dzanja la bambo ako. Linakwera msanga, ndipo dimba lawo ndi lomwe lauma.

Chaka choyamba zinayenda bwino. Kenako amalume ako anaima pa ukhansala, ndipo madzi anayamba kuzindikira mtundu wa nsalu. Akumtunda ambiri anavala nsalu ya chipani chawo. Kuno kumunsi anthu ena anakavina kumsonkhano wa mnzawo wopikisana naye, poti kunali kufupi ndipo kunali ng'oma. Chisankho chitatha, tsiku la akumunsi linayamba kusowa. Ukapita kukafunsa, akuti kiyi ali ndi apampando. Apampando ali kuti? Apita kukhonsolo. Abwera liti? Mwina madzulo. Madzi ali pompo, ukuwamva akulira kuseri kwa chitsulo, koma kiyi ali ku Dedza boma m'thumba la jekete, akumvera nawo msonkhano.

Chimene chinandiswa mtima ndi aNambewe. Ukuwadziwa, amayi amasiye a dimba loyamba kumunsi kuno, amene ankakupatsa tomato ukamachokera kusukulu. Tsiku lina ndinawapeza atagwada pamsewu, m'fumbi, pafupi ndi galimoto ya amalume ako. "Bwana, tiganizireni, kabichi wanga akupsa." Amalume ako sanatsike. Anatsitsa galasi n'kunena kuti, "Chabwino mayi, ndikuthandizani, koma muziona kovina." Anawatsegulira mpaka masana. Lamulungu lake kumphakati aNambewe anaimirira n'kupempha kuti tiwapempherere akhansala chifukwa cha mtima wawo wabwino. Anthu anati amen. Felisita, mayi ameneyo anakumba nawo ngalande imeneyo ali mtsikana, ali ndi mwana kumbuyo, amalume ako asanadziwe kumanga kabudula. Ndiye athokoze? Amupempherere munthu chifukwa wawabwezera theka la tsiku lawo lomwe? Ine amen ameneyo anandikanika. Ndinatuluka. Njala ndinaionapo, ndi yowawa, koma munthu akakolola amaiiwala. Koma munthu amene waphunzitsidwa kugwadira chinthu chake, ngakhale nkhokwe itadzaza sadzukanso.

Chilimwe chino chitangoyamba komiti inaitanitsa msonkhano. Tisanapite ndinakambirana ndi anzanga osewera nawo bawo, a Filipo ndi a Lukasi. Pabawo paja ankawotcha kuposa ine. "Munthu ameneyu watikwana. Inu a Lusiyano yambani, ndinu mlamu wake, ife tili pambuyo panu." Tsiku litafika ndinaimirira, chipewa m'manja, mwaulemu wonse. Ndinati, "Apampando, kale amene wamaliza kuthirira ankapereka yekha madzi kwa mnzake, ndipo aliyense ankadziwa tsiku lake. Ndimati ndifunse, tsiku la akumunsi ndi liti?" Amalume ako anamwetulira. "Alamu, dimba lake liti limene mukudandaulalo? Munabwera nalo kuchokera ku Kabwazi mutasenza pamutu? Za nthaka ya kuno alankhule eni ake. Akamwini ayambe akhala pansi." Bwalo lonse linaseka. Ndinacheuka kuti ndione amene anali pambuyo panga. A Filipo ankayang'anitsitsa nsapato zawo ngati angozigula kumene. A Lukasi anali atatuluka kukayankha foni imene sinalire. Ndipo mwa amuna amene ankasekawo, ambiri anali akamwini ngati ine ndemwe.

Ndinakhala pansi, ndipo kukhala pansi kumeneko kumandidya mpaka lero. Yankho linandipeza m'njira ndikubwerera, pamene linalibenso ntchito. Agogo ako a Gerevaziyo, bambo wake wa Donasiyano yemweyo, amene anakumba ngalande, nawonso anali mkamwini. Koma ngakhale yankho limenelo silinali lofunika. Chofunika chinali kuima chiimire n'kubwereza funso langa. Uone mmene amachitira anthu a mipando, Felisita, chifukwa udzakumana nawo ambiri ovala bwino kuposa amalume ako. Ukawafunsa funso lowavuta, sayankha funsolo. Amayankha za iwe. Adzati ndiwe mkazi, adzati ndiwe mwana, adzati ndiwe wakumudzi, adzafunsa kuti kwanu n'chigawo chiti, bambo ako ndi achipani chanji. Usawatsatire kumeneko. Ukayamba kufotokoza kuti ndiwe yani, funso lako lafa. Uziwasiya aseke, akamaliza ufunsenso mawu omwewo. Ndipo za anthu onena kuti tili pambuyo pako, usadane nawo, ali ndi ana ndipo ali ndi mantha. A Filipo ndimaseweranso nawo bawo. Koma usadzaimirire chifukwa cha iwo. Uziimirira pa nkhani imene ungaime nayo ngakhale utacheuka n'kupeza mabenchi okhaokha.

Zimene ndinachita m'mawa mwake ukuzidziwa, mudzi wonse ukuzidziwa. Ndinakwera pamtunda paja dzuwa likuswa mtengo, anthu akuthirira, n'kumenya loko uja ndi khasu. Loko sanamve kanthu. Mpini ndi umene unathyoka, khasu n'kugwera m'ngalande, ine n'kulowa m'madzi kukalivuula thalauza ili nyowe. Komiti inagamula kuti ndine woononga chitukuko, ndipo dimba lathu lisalandirenso madzi mpaka nditapepesa kwa apampando pagulu. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene amakambanso za tsiku la akumunsi. Amakamba za khasu la a Lusiyano. Ndinawapatsa ndekha nkhani yoti abisalemo. Mkwiyo usautaye, mwana wanga. Munthu amene amaona mayi wachikulire atagwada m'fumbi n'kusamva kanthu, ameneyo ndi woopsa kuposa wakuba. Koma mkwiyo uziuyendetsa ngati madzi m'mizere, pang'onopang'ono, kukafika pamene pali mbewu. Wanga ndinauthira pa chitsulo. Akanati ndipepese kwa anthu onse chifukwa chomenya chitseko chawo, ndikanapepesa, poti chitsekocho ndi chathu tonse. Koma akufuna ndigwadire munthu, kuti ena aone kuti wofunsa mafunso amathera pati. Zimenezo ayi.

Masiku ano ndikamatunga madzi kumtsinje ndi makeni ndimaganiza zambiri, poti njirayo ndi yaitali ndipo msana sulola kuthamanga. Kutchalitchi timamva kuti ulamuliro umachokera kwa Mulungu. Pawailesi amati umachokera kwa anthu. Ine sindinaphunzire zoti n'kutsutsana ndi ansembe kapena a pawailesi. Chimene ndikudziwa n'chakuti kulikonse kumene umachokera, ulamuliro umafika kwa munthu ngati madzi a pangalande. Ndi tsiku lako, thirira. Ukamaliza, kwera wekha ukasunthe mwala, uwaperekeze mpaka kwa mnzako. Mtsogoleri sindimuyesa ndi zimene wamanga, poti simenti ndi ya bungwe ndipo mchenga tinanyamula ndife. Ndimamuyesa pa tsiku lopereka. Ndipo lamulo, mmene ndikulionera ine, si loko. Loko amatsekera amene alibe kiyi basi. Lamulo lenileni ndi limene limagwiranso dzanja la wosunga kiyiyo. Aphunzitsi ako akakakuuza zosiyana ndi izi, uwamvere bwino, mwina ali ndi mawu abwino kuposa anga. Koma ukawafunse ngati anaonapo madzi akulira kuseri kwa chitsulo mbewu zikupsa.

Tsopano ndinene za amayi ako, kuti usaganize kuti sindiwamva. Anandifunsa kuti, "Chilungamo chanucho tidzadya?" Iwo ali pakati pa mlongo wawo ndi mwamuna wawo, ndipo ndowa ya kumtsinje ikuwapweteka khosi chifukwa cha pakamwa panga. Sakulakwa kufuna kuti kachewere apulumuke. Ndi kachewere yemweyo amene timati akagulitsidwa pamsewu tizikutumizira kasopo ndi kandiwo. Ndiye ndisakunamize. Ukakasowa sopo ku Zomba anzako akuchapa, udziwe kuti si amalume ako okha amene akumana sopoyo. Ndi bambo akonso. Zimenezi ndikuzidziwa, ndipo zimandisowetsa mtendere kuposa kuseka kwa pabwalo kuja.

Koma taganiza mmene madzi amenewo adzayendere ukawapempha. Kuti afike kwathu ayenera kudutsa pa dimba la aNambewe ndi madimba ena akumunsi, makomo awo atatsekedwa ndi zibuma. Anthu amenewo adzaima m'mbali mwa ngalande akuona madzi akuwadutsa, kupita kwa munthu amene anamenya loko, chifukwa choti mwana wake wakwera galimoto ya akhansala. Adzaphunzira kuti kufunsa pamsonkhano n'kupusa, chanzeru n'kukhala ndi mwana wa mlongo wa bwana. Ndipo iwe udzaphunzira phunziro lako loyamba la boma usanafike n'komwe ku Zomba, loti mawu awiri a m'galimoto amatsegula chimene funso la pabwalo linalephera. Chimene chikundiopsa n'chakuti phunziro limenelo ndi loona. Limagwira ntchito. Udzaliona likugwira ntchito kuchipatala, kupolisi, pofuna ntchito, paliponse. Ukaliyamba mawa ndi kachewere wa bambo ako, chifukwa chake chidzakhala chabwino, ndipo nthawi zonse chifukwa chake chimakhala chabwino. Tsiku lina udzakhala ndi ofesi yako ndi kiyi wako, wina adzakugwadira kupempha chinthu chake chomwe, iwe n'kumva kukoma. Ine kachewere ndingamutaye. Ndinatayapo mbewu ndi matalala, ndi chiwawu, ndinadzalanso. Koma sindikudziwa kumene ndingakagule mbewu ya mwana wina.

Zina zing'onozing'ono amayi ako akuuza kale, ine ndingowonjeza pang'ono. Kumeneko n'kotentha kusiyana ndi kuno, uzigona m'neti. Misa usaleke. Kukabwera anthu a zipani kudzagawa malaya ndi kukweza ophunzira m'malole, ukamvere zimene akunena ngati ukufuna, koma upite ndi miyendo yako ndi malaya ako, kuti ukafuna kuchoka uchoke. Usachite manyazi kunena kuti kwanu ndi kumapiri a Mphunzi ndipo bambo ako amalima kachewere. Ndipo anthu osauka usawayese oyera mtima chifukwa choti ndi osauka. Ndife omwe tinaseka pabwalo paja. Uziwatumikira chifukwa zinthuzo ndi zawo, osati chifukwa ndi abwino kapena akuthokoza.

Mawa ukwere galimotoyo. Sindikukuletsa, ndi amalume ako, anakunyamula uli khanda ndipo tsiku la ukwati wako amene adzakhale kutsogolo ndi iwo, osati ine. Uwapatse moni mwaulemu. Akakusiya padepoti uwathokoze ndi manja awiri, chifukwa galimoto ndi yawo ndipo mafuta ndi awo. Imeneyo ndi mphatso. Koma madzi si awo.

Pa chinthu chimodzi amalume ako ananena zoona. Dimba lija si langa. Ndi la amayi ako, ndipo pambuyo pawo ndi lako. Ine ndilibe mphamvu yokuletsa kupempha, ndikungokupempha ngati mkamwini amene walima nthaka yako kuyambira usanabadwe. Koma uonenso mbali inayi. Iwe sangakuuze kuti akamwini akhale pansi. Ndiwe mwini nthaka, anati alankhule eni ake. Ngati pakamwa pako patseguke m'galimotomo, ufunse funso langa lija mmene linalili, osachotsa kapena kuwonjezera. "Amalume, tsiku la akumunsi ndi liti?" Akayamba za khasu, uwasiye amalize, ufunsenso. Akayamba zoti sukulu yakulowa m'mutu usanaiyambe, uwasiye amalize, ufunsenso. Mwina kachewere wathu adzapsa ndithu. Sindikukulonjeza kanthu.

Ukasankha kupempha za dimba lathu lokha, sindidzakutukwana ndipo udzakhalabe mwana wanga. Koma ndikuuziretu kuti usadzati ndinakupusitsa. Madziwo akadzatsika, ndidzapita kukachotsa zibuma pa khomo la aNambewe, chifukwa dimba lawo ndi loyamba, ndidzaima n'kuitana kuti, "Madzi awa." Akamaliza iwo apereke kwa otsatira, mpaka afike kwathu pa nthawi yake ngati angafike. Amalume ako akadzamva adzatseka tsiku lomwelo, ndipo amayi ako sadzandilankhula mpaka mvula. Ndine wokalamba, sindingaphunzirenso njira ina yolandirira madzi.

Dzuwa lapita, zilembo zayamba kundisokonekera. Chatsala chimodzi. Tsiku limene anaika chitseko chachitsulo, amisiri anauponyera kutchire mwala uja. Ndinakautenga pa wilibala. Amayi ako ndinawauza kuti ndi wopondapo nthawi ya matope, ndipo wagwiradi ntchito imeneyo. Ndi umene uli pakhomo pathupa, umene wakhala ukupukutirapo mapazi popita kusukulu zaka zonsezi. Ukauyang'ana m'mbali muli mosalala, mmene munkakhudza madzi, ndi mmene munkagwira manja a agogo ako, a aNambewe, ndi anga.

M'mawa ndidzakunyamulira chikwama mpaka pamenepo, ndidzakudalitsa, kenako nditenge makeni ndizipita kumtsinje galimoto isanafike. Ukamatsika pamwalapo usandiuze zimene wasankha. Ndidzazionera kungalande.

Ndine bambo ako,
Lusiyano